Sabata yopachika zithunzi ku Chinatown

Lolemba ndinatsika sitima pa siteshoni ya Chinatown-Rose Pak 7 koloko isanakwane, chikwama cha zida chili kumsana. Ntchito yanga kuno ku San Francisco ndi yopachika ndi kusamalira zojambula, ndipo sabata imeneyi kanyumba kena ka zionetsero kanandipatsa ganyu yokonza chionetsero cha zithunzi zakale za mabanja a m'dera la Chinatown, lomwe mumakhala anthu ochokera ku China. Pa siteshoniyi sindidutsa mothamanga. Pakhoma pali zitsulo zikuluzikulu zofiira, zodulidwa motsatira luso la Yumei Hou, mayi wodziwa kudula mapepala, zoonetsa anthu akuvina gule wa yangge. Amene anazimangirira pamenepo ndi amisiri enieni, moti ndimaima kaye n'kusirira.

Tsikulo linathera pomata mabowo ndi kupaka penti. Lachiwiri tinayamba kupachika. Kuno nthaka imagwedezeka, choncho chithunzi sichikhala pa msomali umodzi ayi. Timaika zokolera ziwiri kumtunda, kumunsi n'kukhomera kachitsulo kochigwira. Chivomezi chomwecho chinalinso m'nkhani ya zithunzi zimene ndinkanyamulazo. Mu 1906 chivomezi ndi moto zinasesa Chinatown, zikalata za kubadwa za mumzindawu n'kupsera pomwepo. Popeza lamulo la 1882 linkaletsa antchito ochokera ku China kulowa mu America, amuna ambiri anapezerapo mpata wonena kuti anabadwira konkuno, kenako ankaitanitsa anyamata ngati ana awo, chonsecho ndi ana a papepala chabe. Anyamatawo ankaloweza pamtima za mudzi umene si wawo, kuti akapulumuke mafunso pa chilumba cha Angel Island, pomwe olowa m'dziko ankasungidwa kuyambira 1910 mpaka 1940. Chithunzi china chinali cha kamnyamata kotere, katavala jekete lokakulira, manja ake osaoneka n'komwe.

Lachitatu masana tinasiya chitseko pululu kuti fungo la penti lituluke. Kunalowa agogo ena aakazi, ndodo kudzanja lamanja, kumanzere jumbo ya ndiwo zamasamba zogula mu Stockton Street. Anaima pa chithunzi cha kamnyamata kaja, n'kupendeketsa mutu chagada, n'kusuntha pang'ono, n'kusunthanso. Ine ndili pa makwerero ndinaona chimene chinkawavuta: kwa munthu wa msinkhu wawo, getsi linkawala pagalasi n'kuphimba nkhope yonse. Analankhula m'chinenero cha ku Toisan, dera la kum'mwera kwa China, mnzanga wa mu ofesi n'kumasulira.

"Akufunsa kuti mwapachikira ndani."

Ndinasowa poyambira. Tinaphunzitsidwa kuti pakati pa chithunzi pazikhala mainchesi 60 kuchokera pansi, ndipo ndachita zimenezo zaka zambiri osafunsa. Koma eni dera lino ambiri ndi okalamba, amene amakhala m'tizipinda tamodzitamodzi pamwamba pa masitolo, masana n'kumakacheza pa paki ya Portsmouth Square, kusewera makhadi ndi kuwothera dzuwa. Zithunzizi ndi za makolo awo. Ndinatsika, ndinawapatsa mpando, n'kupempha mnzanga awauze kuti, "Agogo, mwatithandiza. Tikonza." Oyang'anira chionetsero anavomera titakambirana pang'ono, ndipo usiku umenewo tinatsitsa zithunzi zonse ndi mainchesi 6. Kumeneko kunali kumatanso mabowo, kupakanso penti, kutembenuzanso magetsi limodzilimodzi. Ndinafika kunyumba pakati pa usiku, mapewa akuwawa, koma mumtima muli mbee.

Lachinayi kunabwera vuto lina. Osindikiza anatitumizira timapepala tofotokoza zithunzi tili m'zilembo za Chitchaina zofupikitsidwa, zimene boma la China linayambitsa m'zaka za m'ma 1950. Okalamba ambiri a kuno anakula ndi zilembo zakale za mizere yambiri, zomwenso zili pa zikwangwani zambiri za mu Grant Avenue. Ine zilembozo sinditha kuwerenga, moti ndikanamata osadziwa kanthu. Anatulukira ndi mnzanga uja, ndipo tinabweza zonse. Zatsopano zinafika Lachisanu nthawi ya nkhomaliro, ndinamata komaliza alendo ali kale pakhomo.

Agogo aja anabwera ndi anzawo atatu. Sanayambire poyambira pamene tinakonza. Analunjika kwa kamnyamata ka jekete, anaima maso ndi maso ndi iko, n'kuyamba kulankhula onse nthawi imodzi, zala zili pagalasi. Mwambo wa ntchito yathu umati tiziletsa anthu kugwira, koma palibe mmodzi wa ife anasuntha. Mnzanga anandinong'oneza kuti akutchulana mayina a midzi ya kwawo, ndipo mmodzi akuti bambo ake anafikanso ndi dzina la eni ake, limene banja lawo likulemba mpaka lero.

Loweruka m'mawa ndinapita ndi kansalu kukapukuta magalasi tisanatsekule. Zithunzi zina zonse zinali zoyera. Pa chimodzi chokhacho ndinapukuta kawiri.