CIF yandilowa tsopano

Mtima wakhala m'malo, anzanga a kalasi yamadzulo. Sindiyamba kufotokoza kuti FOB n'chiyani, kapena kuti ma Incoterms, malamulo ogawa udindo pakati pa wogulitsa ndi wogula pa malonda a pakati pa mayiko, alipo 11 m'buku la 2020 la ICC, bungwe la zamalonda la padziko lonse, zimenezo tinaloweza kalekale. Ine chimandizunguza mutu chinali CIF, lamulo lomwe wogulitsa amalipira sitima ndi inshuwalansi mpaka padoko lofikira katundu.

Wogulitsa ku Shanghai walipira sitima mpaka ku Beira, doko la ku Mozambique, walipiranso inshuwalansi. Ndiye namondwe akaomba pakati pa nyanja, madzi n'kulowa m'katundu, bwanji wolira akhale wogula wa kuno ku Harare? Mutu wanga unkakana ndithu. Wolipira ulendo sindiye mwini ulendowo?

Kani mafunso ndi awiri, ndipo sayankhidwa pamalo amodzi. Loyamba, za mayendedwe akulipira ndani, mpaka pati? Lachiwiri, katundu akawonongeka tsoka ndi la yani, kuyambira pati? Pa CIF ndalama za wogulitsa zimafika ku Beira, koma tsoka amalitula ku Shanghai konko, katundu akangokwera m'sitima. Inshuwalansi ija n'chifukwa chake ilipo: wagula ndi wogulitsa, koma wokadandaula nayo ndi wogula. Komanso si yotakata ayi. Pa CIF wogulitsa amangokakamizidwa kugula yotsikitsitsa, ya Clauses C, pa 110 peresenti ya mtengo wa katundu. Yotakata, ya Clauses A, ili pa CIP, mnzake wa CIF wa mayendedwe amtundu uliwonse.

Chandithandiza ndi pepala ndi zolembera ziwiri basi. Ndimajambula mzere wautali, kumanzere fakitale, kenako doko, nyanja, Beira, chipata cha Forbes ku Mutare, mpaka mosungira katundu ku Msasa. Cholembera chabuluu ndimaika mtanda pamene ndalama za wogulitsa zathera, chofiira pamene tsoka ladumphira kwa wogula. Pa FOB, pomwe wogulitsa amangokweza katundu m'sitima padoko lakwawo, mitanda iwiriyi imagundana. Pa malamulo anayi omwe maina awo amayamba ndi chilembo C (CFR, CIF, CPT, CIP) imatalikirana, wofiira kutsalira kumbuyo, wabuluu kutsogola. Ine ndikuti wojambula mzerewu sangalephere funso lililonse la phunziroli. Mnzanga wa ku Highfield amaseka, akuti ndikufuna kuyankhira ndi za msonkho zomwe pa mzere womwewo. Mwina ndithu.

Mtanda wofiira womwewo ndiwo wanditsegula maso pa nkhani yofufuza katundu asananyamuke. Ngati tsoka likhala langa kuyambira padoko lakutali, ndidikiriranji kontena ifike ku Harare kuti ndione zili m'katimo? Maso anga ayenera kukhala konko chitseko chisanatsekedwe. Boma la Zimbabwe lili ndi ndondomeko yake yotchedwa CBCA, imene inayamba kugwira ntchito mokakamiza mu 2016: katundu wamitundu ina amayenderedwa kaye kudziko lomwe akuchokera ndi kampani ngati Bureau Veritas, setifiketi n'kutuluka, ndipo a ZIMRA, bungwe lotolera msonkho, amaifuna pachipata.

Alipire ndani? Apa ndipo pokoma. Woyenderayo amaima pabwalo la wogulitsa, ndiye umaganiza kuti ndi za wogulitsa. Koma buku silifunsa kuti waima pati, limafunsa kuti walamula ndi dziko liti. Likalamula dziko lotumiza katundu, ndi za wogulitsa, kupatula pa EXW, pomwe wogula amakatenga yekha katundu kwa wogulitsa. Likalamula dziko lolandira, monga lathuli, zigwera wogula, wogulitsa amangothandiza ndi mapepala, kupatula pa DDP, pomwe wogulitsa amalipira zonse mpaka msonkho wolowetsera katundu. Komanso setifiketi ya boma imaona ngati katundu akukwanira pa miyezo, osati ngati matayala ali saizi imene munagwirizana. Ukafuna wokuwerengera makatoni ndi kutsegula angapo, ulembe wekha mumgwirizano, dzina la woyendera, malo, wolipira, zonse.

Chimandiwawa n'chakuti aphunzitsi athu akanatha kujambula zimenezi pabolodi tsiku loyamba. Iwo amangowerenga tebulo, EXW, FCA, CPT, mpaka pansi, ife tikukopera ngati ana a sitandade wani. Ukafunsa akuti zili m'manotsi. Sindikuwanyoza, nawonso amafika atatopa, nthawi ndi yochepa. Koma munthu waweruka kuntchito, wathamangira kalasi, kenako ukaime pamzere wa kombi pa Copacabana, ufike ku Mufakose magetsi kulibe, manotsiwo uwerenge ndi tochi ya foni?

Chatsala n'cha makontena. ICC imalangiza kuti katundu wam'kontena aziyenda pa FCA, CPT kapena CIP, pomwe tsoka limadumpha katundu akangoperekedwa kwa wonyamula, chifukwa wogulitsa amasiya kontena padoko masiku angapo isanakwezedwe, ndipo FOB ndi CIF zinapangidwira sitima zapamadzi zokha. Pamayeso ndilemba choncho. Koma kuntchito kwathu pafupifupi invoisi iliyonse imati FOB, ina ndinaiona yolembedwa CIF Harare, chonsecho sitima yapamadzi kuno sifika. Katunduyo amabwera bwinobwino, palibe wadandaulapo. Ndiwauze abwana kuti tisinthe? Kapena ndine uja wangophunzira dzulo ndiye akufuna kukonza zosawonongeka? Mtanda wofiira pa CIF Harare ndauyesa pa Shanghai, ndauyesa pa Beira, dzanja likungozengereza. Kaya.