Makwerero okha sasunga nsomba za mumtsinje wa damu

Chimene chanditengera nthawi kuti ndichimvetse pa nkhani ya madamu akuluakulu n'chakuti nsomba zimatsata nyengo ya madzi. Madzi akayamba kukwera, kuchita matope ndi kufunda, nsomba zambiri zimadziwa kuti nthawi yoswana yakwana. Zina zimakwera kumtunda kukaikira mazira pa nsangalabwi. Zina, monga milamba, zimalowa m'madambo amene angosefukira kumene, momwe ana ake amapeza chakudya ndi pobisala. Damu limasokoneza njira, nyengo ya madzi, kufunda kwake ndi matope ake, zonse pakamodzi, koma ambirife timangoona njira yotsekedwayo poti khoma ndilo limaoneka ndi maso.

Tiyambe ndi khomalo. Makwerero a nsomba ndi ngalande yogawidwa m'zipinda, chilichonse chokwererapo pang'ono kuposa chinzake. Liwiro la madzi pa mpata wolowera m'chipinda limadalira kutalika kwa pamene madziwo akugwera. Akamagwa masentimita 30 amathamanga pafupifupi mamita 2.4 pa sekondi, pa masentimita 15 amathamanga mamita 1.7, pa masentimita 10 amathamanga mamita 1.4. Makwerero akale otchuka, monga a pa damu la Bonneville pa mtsinje wa Columbia lomwe linayamba ntchito mu 1938, anapangidwira salimoni, nsomba yamphamvu yodziwa kulumpha. Vuto linabwera pamene anthu anayamba kukopera mapulani otere n'kukawaika pa mitsinje ya kumadera otentha, momwe muli mitundu yambirimbiri, ina yokwawa pansi, ina yaing'ono ngati chala. Pa damu la Pak Mun ku Thailand, lomwe linamalizidwa mu 1994, nsomba zochepa kwambiri ndizo zinkakwera makwerero, ndipo asodzi atadandaula kwa zaka, boma linavomera kumatsekula zipata za damu kwa miyezi ingapo pachaka.

Ukachepetsa pogwera madzi kuti nsomba zofooka zikwanitse, ngalande imatalika. Damu la mamita 30 limafuna zipinda 200 ngati chilichonse chikukwera masentimita 15. Nsomba imatopa pakati panjira n'kubwerera, motero pamafunika zipinda zikuluzikulu zopumiramo. Mpata wabwino ndi woimirira, woyambira pansi penipeni mpaka pamwamba, chifukwa umapatsa njira nsomba za pansi ndi za pamwamba zomwe, ndiponso umagwirabe ntchito madzi akakwera kapena kutsika. Pansi pa ngalande paikidwe miyala yokhakhala, kuti tinsomba tipeze madzi odekha m'mipata yake.

Koma makwerero ambiri amalephera pakhomo. Nsomba yokwera mtsinje imalondola madzi amphamvu, ndipo pa damu la magetsi madzi amphamvu amatulukira ku ma turbine, makina amene madzi amazungulitsa popanga magetsi. Khomo likakhala kutali kumunsi, kapena tsidya lina, nsomba zimalipitirira n'kukaunjikana pakhoma mpaka mazira kuonongekera m'mimba. Khomo liyenera kukhala pafupi ndi malo omalizira amene nsomba zimafika, ndipo pamafunika madzi owonjezera otulukira pomwepo kuti nsomba zilimve. Pamalo pamene nsomba zaunjikana pamafikanso mbalame, nsomba zolusa ndi maukonde, choncho lamulo loletsa usodzi pafupi ndi khomo ndi gawo la makwererowo. Nthambi imodzi yopingasa pa mpata imasintha liwiro la ngalande yonse, ndiye payenera kukhala woyendera tsiku lililonse m'nyengo yoswana.

Funso limene mapulani ambiri salifunsa ndi la ulendo wobwerera. Nsomba yotsika kudzera mu turbine imamenyedwa ndi mapiko a makina, ndipo ikakhala yaitali mpata womenyedwa umakula. Kutsika kwadzidzidzi kwa mphamvu yopanikiza madzi kumafufumitsa kathumba ka mpweya ka m'mimba mwake mpaka kuphulika. Nsomba yotere imayandama kumunsi maso atatuluka. Zitsulo zotchinga zotalikirana mamilimita 10 mpaka 20 zimathandiza, pokhapokha madzi ofika pamenepo akhale odekha, osaposa theka la mita pa sekondi, ndipo pambali pakhale kanjira kolambalala. Popanda kanjirako nsomba zimangokanikizika pa zitsulozo. Madzi ogwa mwamphamvu pa chipata chotayira amameza mpweya wambiri, umene umachita thovu m'magazi a nsomba. Ku United States malire odziwika ndi 110 peresenti ya mpweya umene madzi amasunga mwachibadwa.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi nyanja ya damu yeniyeniyo. Mitundu yambiri ya m'mitsinje ikuluikulu imaikira mazira oyandama, amene amaswa ali paulendo wotengedwa ndi madzi. Akafika m'nyanja ya damu, momwe madzi aima ndi kuyera, amamira pansi posowa mpweya kapena kudyedwa. Akatswiri a ku Brazil anaonetsa kuti makwerero oyenda bwino angathe kukhala msampha: amachotsa nsomba zazikulu kumunsi, komwe zikanaswana, n'kuzipititsa kumtunda komwe ana ake sadzatsika. Musanamange makwerero muyenera kudziwa ngati kumtunda kwatsala malo oswanira. Muyeneranso kudziwa zimene mukutsekulira njira. Damu la Itaipu litadzaza mu 1982 linamiza mathithi a Guaíra, amene kale ankalekanitsa nsomba za kumunsi kwa mtsinje wa Paraná ku South America ndi za kumtunda, ndipo mitundu yambiri ya kumunsi inalowa kumene kunalibe.

Za kuzizira kwa madzi, chitsanzo chomveka bwino ndi damu la Glen Canyon pa mtsinje wa Colorado, lomwe linayamba kusunga madzi mu 1963. M'nyanja yakuya madzi amagawika, ofunda pamwamba, ozizira pansi. Makina amakoka madzi akuya, ndipo kwa zaka zambiri mtsinje kumunsi unkakhala pa madigiri pafupifupi 8 chaka chonse, ulinso woyera mbee chifukwa matope amatsalira m'damu. Nsomba ya kumeneko yotchedwa humpback chub imafuna madigiri pafupifupi 16 kuti iswane bwino. Inapulumukira mu Little Colorado, mtsinje wofunda wothira mu Colorado. Mankhwala a vutoli ndi chipangizo chokokera madzi pa milingo yosiyanasiyana, monga chimene chinaikidwa pa damu la Shasta ku California mu 1997, ngakhale kuti kumeneko cholinga chinali choti salimoni izipeza madzi ozizira. Komabe kufunditsa mtsinje kuli ndi mbali yake yoopsa, pakuti madzi ofunda amakomeranso nsomba zolusa zobwera. Pamene nyanja ya Powell, ya damu la Glen Canyon, inaphwa kwambiri, mu 2022 ana a nsomba yolusa yotchedwa smallmouth bass anapezeka kumunsi kwa damulo.

Pa mitsinje ya madambo, chida champhamvu kuposa zonse ndi kutulutsa madzi mwadala motsanzira kusefukira kwachilengedwe. Damu la Itezhi-Tezhi pa mtsinje wa Kafue ku Zambia linamangidwa ndi dongosolo loti mu Marichi lizitulutsa makyubiki mita 300 pa sekondi kwa milungu inayi, kuti madambo a Kafue azilandira madzi, ngakhale kuti m'zaka zouma zofuna za magetsi zinkapambana. Pokonza dongosolo lotere pali zinthu zinayi: mwezi wake, liwiro la kukwera kwa madzi, masiku amene akhale pamwamba, ndi kutsika kwake. Madzi akabwera mwezi wolakwika, nsomba zimakhala zisanakhwime mazira. Akakhala masiku ochepa, mazira amaswa koma ana amaumira m'zithaphwi asanakule. Kutsika ndiko kumaiwalika kwambiri, chonsecho kuyenera kuchitika pang'onopang'ono kuti ana atsate madzi kubwerera mumtsinje. N'chimodzimodzi pa madamu amene amatsekula makina madzulo magetsi akamafunika kwambiri n'kutseka usiku: gombe limauma m'mphindi zochepa, tinsomba n'kutsala tikuphiriphitha pamchenga. Malire a masentimita ochepa pa ola, kapena kadamu kakang'ono kumunsi kosalaza kusinthaku, amachepetsa imfa zotere. Malamulowa alembedwe mu chiphaso choyendetsera damu, chifukwa lonjezo la pakamwa limatha chilala chikafika.

Kuswetsa nsomba m'matanki n'kumazithira mumtsinje kumasangalatsa akuluakulu, poti manambala ake amaoneka. Pamene damu la Gezhouba linatseka mtsinje wa Yangtze mu 1981, njira iyi ndiyo inasankhidwa m'malo mwa makwerero pofuna kuteteza nsomba yaikulu yotchedwa sturgeon ya ku China. Ana mamiliyoni athiridwa, koma zoswana zokha mumtsinje zapitirira kuchepa. Nsomba ina yaikulu ya mumtsinjewo, paddlefish, inaonedwa komaliza mu 2003 ndipo bungwe loteteza zachilengedwe la IUCN linalengeza mu 2022 kuti inatheratu. Matanki ali ndi ntchito yosunga mbewu pamene mtsinje ukukonzedwa. Makolo atengedwe ambiri, a mumtsinje womwewo, ndipo azisinthidwa, apo ayi ana onse amakhala apachibale ndi ofooka.

Poyeza ngati ntchito ikuyenda, kuwerenga nsomba zotuluka pamwamba pa makwerero sikokwanira. Nsomba 5,000 zodutsa zingakhale zambiri kapena zochepa, malinga ndi kuchuluka kwa zimene zinafika pakhoma. Njira yabwino ndi kubaya nsomba timapiritsi ta PIT, tizipangizo tozindikiritsa nsomba iliyonse, totalika pafupifupi mamilimita 12, n'kuika zomvera pakhomo, pakati ndi potulukira. Zikatero mumadziwa kuti mwa zofika pakhoma ndi zingati zapeza khomo, zingati zamaliza, ndipo zatenga masiku angati. Izi zichitike pa mtundu uliwonse paokha, waung'ono ndi waukulu womwe. Kalembera ayambe damu lisanamangidwe, kwa zaka zingapo zamvula ndi zouma, ndipo asodzi akhalemo chifukwa amadziwa maiwe oswanira amene sali pa mapu. Kenako chaka chilichonse mvula ikatha, kokani kaukonde ka maso aang'ono m'malo omwewo, kumunsi kwa damu, m'madambo ndi m'mitsinje yothira imene ilibe damu, muwerenge ana a chaka chimenecho.