Sabata ya ndakatulo ndi ana anga a Fomu 3

Sabata ino ndinali pa ndakatulo za Chingerezi ndi a Fomu 3, lero Lachisanu ndafika kunyumba mawu atasasa koma mtima uli mmalo.

Lolemba ndinawalembera pa bolodi mitundu yake, sonnet, ballad, elegy, ode, limerick, haiku ndi free verse. Anakopera bwinobwino, ukafunsa kuti elegy nchani amayankha onse pamodzi ngati kwaya, koma nditawapatsa ndakatulo yeniyeni kuti andiuze ndi mtundu uti kalasi yonse inangoti zii. Zimenezi zimandipweteka ine chifukwa pa MSCE kuloweza tanthauzo sikukwanira, ndakatulo imabwera pamaso pako uyimasule wekha.

Lachiwiri sonnet inayenda bwino, mizere 14, ya Shakespeare mathero a mizere yake amamveka mofanana motsatira abab cdcd efef gg, ndipo nditawauza kuti mkuluyu analemba 154 zomwe zinasindikizidwa mu 1609 ena anagwira pakamwa.

Nkhani inali Lachitatu pa haiku, kandakatulo ka ku Japan ka mizere itatu, maphatikizo 5, 7, 5. Mtsikana wina wa kutsogolo ndinamuona akuwerenga maphatikizo a liwu loti school ndi zala, su-ku-lu, zala zitatu, ndiye nkutsutsana nane kuti "Madam, koma ndi atatu." Sindinamudzudzule ayi, mwanayu khutu lake ndi la Chichewa, kwathu liwu lililonse limathera pa a, e, i, o, u ndiye lilime limawonjezera lokha. Ndinawauza onse aike dzanja pansi pa chibwano anene school, chibwano chinatsika kamodzi, kenako table kawiri, banana katatu, tinatha piriyodi yonse manja ali kuchibwano mpaka ahedi anasuzumira pawindo kuti kukuchitika chani.

Lachinayi ndinasiya buku patebulo, ndinayamba ndi zakwathu. Ndinafunsa amene anamvapo kuti mwana uyu amathamanga ngati gwape, onse manja mmwamba, ndinati imeneyo ndiye simile, chifanifani chomwe mumaphunzira ku Chichewa. Kuchotsa ngati nkunena kuti bambo aja ndi mkango, yasanduka metaphor. Njala yalowa mmudzi, imfa yatilanda, njalayo ili ndi miyendo? Imeneyo personification. Chitseko chinati phwa, mvekero uja, ndiye onomatopoeia ikamatsanzira phokoso. Refrain anaipeza okha, mnyamata wina anati ndi kaja timabwereza povomera nyimbo ya pamtondo, ndipo elegy sinafunikenso kufotokoza nditangotchula nyimbo za pamaliro.

Lero aliyense walemba yake nkulemba pansi mtundu wake. Mnyamata wina wa kumbuyo, yemwe chiyambire temu sanakwezepo dzanja, walira agogo ake mu free verse, ndakatulo yosatsata malamulo a mizere, akuti khasu lawo likuwadikirabe kuseli kwa nkhokwe, ndiye pambali walemba ndi pensulo kuti personification. Ndamupempha kuti Lolemba adzaiwerenge kutsogolo tisanayambe limerick, wavomera ndi mutu.