Chotupa cha m'khutu chimene chinasintha dzina

Pa zonse zimene ndawerenga mwezi uno zokhudza matenda a khutu, chimene chandichedwetsa kwambiri ndi chotupa china chosowa chimene chimamera kuseri kwa nembanemba ya m'khutu, m'kachipinda kamene muli tifupa titatu totumiza mawu: malleus, incus ndi stapes. Akatswiri awiri, Hyams ndi Michaels, anachifotokoza mu 1976 n'kuchitcha adenoma, dzina lopatsa chithunzi cha chotupa chofatsa. Mu 1980 ena anapeza chofanana nacho n'kuchitcha carcinoid, dzina la zotupa za maselo opanga mahomoni, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankatsutsana ngati zinali zotupa ziwiri kapena chimodzi. Mu 2022 bungwe la WHO linachilemba kuti middle ear neuroendocrine tumour, kutanthauza chotupa cha m'kachipindako chokhala ndi maselo a neuroendocrine, amene amafanana ndi a minyewa koma amapanga mahomoni.

Poyamba ndinkaona ngati nkhani ya mayinayi ndi yongotayitsa nthawi wophunzira, koma ndasintha maganizo. Dokotala akamva kuti adenoma akhoza kumasuka opaleshoni ikangotha, pamene chotupachi chimatha kubwerera patapita zaka zambiri, makamaka ngati chinakulunga tifupa tija ndipo tifupato sitinachotsedwe. Mwa apo ndi apo chimafalikiranso ku anabere a m'khosi. Choncho dzina latsopanoli likukumbutsa kuti wodwala ayenera kupitiriza kupimidwa kwa nthawi yaitali.

Zizindikiro zake n'zosadabwitsa: khutu limodzi limayamba kusamva pang'onopang'ono, limakhala ngati latsekeka, ndipo nthawi zina limalira. Chovuta ndi kuchisiyanitsa ndi paraganglioma, chotupa china chimene chimameranso m'kachipinda komweko. Chotupa cha paraganglioma chimaoneka chofiira chifukwa cha kuchuluka kwa mitsempha ya magazi, ndipo wodwala amamva phokoso logunda mogwirizana ndi mtima, pamene chathuchi chimaoneka chotuwa ndipo sichigunda. Pa chithunzi cha CT nthawi zambiri chimadzaza kachipindako osadya fupa. Yankho lenileni limachokera ku labotale, kumene maselo ake amaonetsa mapuloteni otchedwa synaptophysin ndi chromogranin, amene ndi zizindikiro za maselo a neuroendocrine, pamodzi ndi puloteni ina yotchedwa keratin. Keratin ameneyu ndiye ndamulemba ndi cholembera chofiira m'kope langa, chifukwa paraganglioma nthawi zambiri alibe.

Chimene chikundisowetsabe mtendere n'chakuti khungu lamkati mwa kachipindaka, likakhala labwinobwino, silidziwika kuti lili ndi maselo a mtundu wa neuroendocrine. Akatswiri ambiri amaganiza kuti chotupachi chimayambira ku maselo osakhwima amene angathe kusanduka mitundu iwiri, yotulutsa mamina ndi yopanga mahomoni, ndipo mfundo imeneyi ndi imene ndikufuna kuifunsa kwa aphunzitsi athu sabata yamawa.