Zomwe tinakaona ku Area 49 pa nkhani ya nyumba za agogo

Gulu lathu loyang'anira okalamba, lochokera m'mipingo ingapo ya kuno ku Dedza, linapita ku Lilongwe kukacheza ndi amayi a Federation, gulu la anthu osowa nyumba zawozawo, omwe anadzimangira nyumba ku Area 49. Chinatitengera kumeneko ndi nkhani yomwe yakhala ikutizunguza mutu m'misonkhano: kodi khonsolo ingathandize bwanji ofuna kumangira agogo nyumba, pomwe tsiku lililonse timamva kuti ndalama kulibe? Pa ulendowu tinali ndi akhansala a dera lathu, anyakwawa, mmisiri womanga nyumba, ndi agogo aakazi oyendera ndodo omwe tinawapempha kuti akakhale maso athu. Tinanyamuka pa boma kukali chisanu chija cha kwathu, koma pofika pa Nathenje aliyense anali atavula juzi.

Amayiwo anatilandira ndi nyimbo, kenaka anatikhazika pa mphasa n'kutifotokozera mbiri yawo. Federation inayamba mu 2003 ku Mtandire, ndi amayi okhala m'nyumba za lendi omwe ankasonkha tindalama pang'onopang'ono, mothandizana ndi CCODE, bungwe lomwe si la boma lothandiza anthu osauka pa nkhani ya nyumba. Khonsolo ya mzinda wa Lilongwe inawapatsa malo, ndalama zomangira anakongola ku thumba lawo lotchedwa Mchenga, ndipo zidina anaumba ndi manja awo. Apa m'pomwe maso anga anatseguka. Ife takhala tikudikira kuti khonsolo itulutse ndalama, chonsecho thandizo lalikulu kwa anzathuwa linali malo ndi chilolezo chomangira motchipa. Kwathu malo ambiri ali m'manja mwa mafumu, ndiye ntchito ya khonsolo ingakhale kutijambulira pulani yabwino osatilipiritsa, komanso kugwiritsa ntchito ndalama za thumba la chitukuko cha m'dera la CDF pokumba mjigo pafupi ndi pomwe pali okalamba ambiri.

Poyendera nyumbazo, agogo athu aja anatiphunzitsa zomwe tonsefe sitinaziganizire. Tinafika pa chimbudzi cha ecosan, chija chomangidwa m'mwamba chomwe amathiramo phulusa kuti pambuyo pake atapemo manyowa. N'chaukhondo ndithu, fungo kulibe. Agogo anaponda sitepe yoyamba, ndodo inaterereka pa simenti, dzanja linasowa pogwira, anabwerera pansi akupukusa mutu. Anati masana angayesere, nanga usiku mvula ikugwa? Mmisiri wathu anatulutsa tepi n'kuyamba kuyeza masitepe, khonde ndi chitseko, akulemba m'kabuku. Nyumbazi anazimangira mabanja a mphamvu zawo ndipo zikuwathandiza, palibe wozinyoza. Koma ya agogo iyenera kukhala ndi khonde lotsika, chitsulo chogwira m'chimbudzi, pokhalira pokwera kuti asamanjute, ndi njira yosalala kuchoka pakhomo. Kwathu kuwonjezere kuzizira kwa mu June ndi July, komwe kumachititsa okalamba kusonkha moto m'chipinda chogona n'kumatsokomola ndi utsi mpaka mbandakucha.

Nkhani ya ngongole tinaikamba mwachidule chifukwa yankho linali poyera. Mayi wa geni angathe kubweza mwezi ndi mwezi, koma agogo odalira Mtukula Pakhomo, akulera adzukulu amasiye, abweza ndi chiyani? Ambirife tikukumbukira kuti ngakhale pulogalamu ya malata ndi simenti otsika mtengo ija inali ndi mbali ya ngongole, ndipo inkafuna munthu woti waumba kale njerwa.

Mkangano weniweni unabuka pobwerera, titadutsa pa Linthipe. Akhansala anati tipemphe malo amodzi pafupi ndi boma, timangepo mzere wa nyumba za okalamba, chipatala chili pafupi. Maganizowo ndi ochokera pansi pa mtima, koma ine ndinakana ndipo ndikukanabe. Agogo mukawachotsa pakati pa mbumba yawo, awatungira madzi ndani, awaona ndani akadzuka ndi malungo? Komanso tisaiwale za ku Neno mu 2016, komwe okalamba anayi anaphedwa powaganizira ufiti. Munthu wokalamba akakhala kwayekha, m'pomwe zala zimayamba kumuloza. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba mu 2024, komabe usiku wowateteza ndi mnansi womva kukuwa kwawo.

Anyakwawa ena anabweretsa mfundo yomwe tonse tinaombera m'manja. Anati aonapo agogo atamangiridwa nyumba ya malata, pasanathe chaka mdzukulu wokwatira kumene n'kulowamo, eni ake n'kubwerera m'kakhitchini kaudzu. Choncho tisanakumbe maziko, mwinimbumba ndi ana asayine pamaso pa amfumu kuti nyumbayo ndi ya agogo moyo wawo wonse.

Tagwirizana kulemba kalata yopita ku komiti ya chitukuko cha m'dera (ADC) yopempha pulani yovomerezeka ya nyumba ya chipinda chimodzi, balaza ndi khitchini ya chumuni. Achinyamata a m'mipingo alonjeza kuumba zidina chilimwe chino, malata tikapempha kwa akufuna kwabwino, ndipo mayina a oyamba kumangiridwa adzasankhidwa pa bwalo, mudzi wonse ulipo.