Masekondi 10 a ulemerero wanga

Popeza nkhaniyi yafala kale ndipo ena akuikometsera mopitirira muyeso, ndaona kuti ndi bwino ndiifotokoze ndekha. Ndi zoona kuti ndinagwetsa kompyuta pamaso pa anzanga onse a kuntchito, koma si zoona kuti ndinalira.

Driver ya Linux (pulogalamu yothandiza kompyuta kulankhulana ndi chipangizo cholumikizidwa kwa iyo) imene ndinalemba inkagwira ntchito bwino lomwe, ndipo chinatsala n'kuonetsa kuti imadziwanso kuchoka mwaulemu. Ndinalemba lamulo la rmmod, lochotsera driver, ndinadina Enter, ndipo kompyuta sinayankhe kanthu, zimene pa Linux zimatanthauza kuti zinthu zayenda. Driver ikamachoka imayenera kubweza zonse zimene inatenga: memory ndinali nditaibweza ndi kfree, interrupt (belu limene chipangizo chimaitanira kompyuta) ndinali nditaimasula ndi free_irq, ngakhale iounmap, yomasulira maadiresi a chipangizo, sindinaiphonye. Chimene ndinaiwala chinali timer imene ndinaitchera ndekha kuti iziitana function yanga, kagawo ka driver yomweyo, pa masekondi 10 alionse.

Masekondi amenewo sindidzawaiwala. Ndinaimirira, ndinakonza kolala ya malaya, ndinatembenukira kwa akuluakulu n'kunena kuti, "Mwaona, bwana, yachoka osasiya ngakhale kachitsotso." Kenako ndinaloza mnzanga wina amene sanandifunse kanthu, n'kuyamba kumuphunzitsa kuti zinthu zimabwezedwa mobwerera m'mbuyo, chimene unamalizira kutenga ndicho uyambe kubweza. Chala changa chidakali m'mwamba, nthawi inakwana, kernel, imene ndi mtima wa Linux, inapita kukagogoda pa adiresi pamene pankakhala function yanga, n'kupeza nyumba itagumulidwa kale. Sikirini inadzaza ndi manambala, pansi pake pakuoneka mawu akuti "Fatal exception in interrupt", ndipo kanyali ka Caps Lock kanayamba kuphethira ngati kakunditsinzinira. Ndinagwedeza mouse mwaulemu, kenako mwaukali, kenako ndinaifunsa kompyutayo ngati ili bwino.

Komabe anthu azinena mwachilungamo. Lamulo la rmmod limakana kuchotsa driver imene ikugwiritsidwa ntchito, koma timer yoiwalidwa siilowa m'chiwerengero chimenecho, choncho linandilola ndi mtima woyera ngati mlonda wotsegulira mbala geti. Ndiponso pa zinthu zinayi ndinakumbukira zitatu, zimene pa mayeso alionse ndi kukhoza.

Mankhwala ake anali mzere umodzi wokha, del_timer_sync, woikidwa kfree isanafike, kuti timer izimitsidwe ndiponso kuti ngati function ili mkati mogwira ntchito idikiridwe mpaka imalize. Ndinaulemba tsiku lomwelo. Chovuta n'chakuti tsopano ndikangomaliza kulankhula pamsonkhano, anzanga amakhala chete n'kuyamba kuwerenga chapansipansi mpaka 10, ndipo abwana amayang'ana wotchi.