Ulendo wa ku Nkhotakota kudzera ku Salima pa minibasi

Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Nkhotakota ndi makilomita pafupifupi 200, ndipo woyang'ana pa mapu angaganize kuti akanyamuka m'mamawa, nkhomaliro akadyera kunyanja. Ine ndafika kuno dzuwa litalowa kale, mtima ukadali wowawa, n'chifukwa chake ndati ndichenjeze anzanga amene akukonzekera ulendo womwewu.

Chigawo choyamba chilibe vuto lalikulu. Msewu wa M14 umadutsa pa Chezi ndi pa Mvera, kenako umatsetsereka mapiri mpaka kukafika kuchigwa cha Salima, mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Mavuto amayambira pa Kaphatenga, pamene msewu wa M5 umapatukira kumpoto.

Pokwera mu Lilongwe, kondakitala ananditsimikizira kuti, "Bambo, iyi ikukafika ku Nkhotakota, musade nkhawa," ndipo ndalama ya ulendo wonse anatolera tisanadutse n'komwe pa Kanengo. Titafika pa Kaphatenga anatiuza kuti titsike tikakwere ina, galimoto yake n'kupitirira kulowera m'tauni ya Salima. Uku ndiye kumene anthu amati kugulitsidwa. Kondakitala wa minibasi yachiwiri anati ndalama imene mnzake uja wamusiyira ndi yoperewera, choncho aliyense awonjezere, ndipo thumba langa la ufa, limene ndinali nditalipirira kale, analitchaja kachiwiri. Chimene chinandipweteka kwambiri si ndalamayo ayi, koma kuti panalibe woti n'kumudandaulira, pakuti amene tinapangana naye anali atapita.

Musalipire ndalama ya ulendo wonse pokwera. Nenani kuti mukutsikira pa Kaphatenga, mulipire ya pomwepo basi, ndipo yotsalayo mukakambirane ndi galimoto imene mwaiona ndi maso anu kuti ikunyamukadi.

Tinakhala m'minibasi imeneyo dzuwa la ku Salima likuswa mtengo, dalaivala akuliza injini n'kumasuntha pang'ono ngati akunyamuka, kenako n'kubwereranso pamalo pomwe paja. Anyamata ena amene anakhala pamipando sanali apaulendo, anali ongodzazitsa kuti galimoto ioneke ngati yatsala pang'ono, ndipo wokwera weniweni akabwera, mmodzi ankatsika mwakachetechete. Mayi wina amene ankapita ku maliro ku Benga anachonderera mpaka misozi, mwana kumsana akulira ndi kutentha, koma palibe anamumvera. Tsiku langa linathera pamenepo.

Ndisanaiwale, opita ku Senga Bay asatsike pa Kaphatenga. Iwo apitirire mpaka m'tauni ya Salima, chifukwa kuchokera pamenepo kukafika kunyanja ndi makilomita pafupifupi 20 okha, ndipo galimoto zing'onozing'ono sizisowa.

Kuchokera ku Salima kupita ku Nkhotakota ndi makilomita oposa 100, koma musawerengere nthawi potengera chigawo choyamba chija. Msewu ndinaupeza uli wopapatiza, m'malo ena phula linadyeka m'mbali, ndipo dalaivala amayenera kuzemba maenje, njinga za kabaza ndi mbuzi, kwinaku akuima pa siteji iliyonse. Pa mlatho wa Chia tinafika kukuyamba kuda, ogulitsa nsomba akuthamangira m'mawindo ndi chambo m'manja, koma ndalama yoti ndigulire ndiwo za kunyumba inali itatsala pa Kaphatenga. Amene akupitirira mpaka ku Dwangwa achenjere koposa, chifukwa pa boma la Nkhotakota angathe kugulitsidwanso. Nyamukani ku Lilongwe kusanache bwino, mukhale ndi ndalama zosinthasintha m'thumba, ndipo ndikubwerezanso, kondakitala asalandire ya malo amene galimoto yake sikafikako.